Kamphaka Kamasiye ndi Mphaka Mwini Nyumba

Dera la Mfumu Nyachikadza lili kutsidya kwa mtsinje wa Shire, m'dambo la Ndindi, m'boma la Nsanje, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Mozambique. Munthu wofuna kufikako kuchokera pa boma amakwera bwato. Nthaka ya kumeneko ndi yachonde, pakuti madzi akaphwa amasiya matope amene amabereketsa chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu m'madimba. N'chifukwa chake madzi atasefukira m'chaka cha 1997, boma litauza anthu kuti asamukire kumtunda, ambiri sadalole kusiya minda yao.

Koma madzi omwe amabweretsa chondeŵa ndiwo amathamangitsanso anthu m'nyumba zao. Zidatero m'chaka cha 1997 chokha ayi: chigwa chonse cha Shire chikukumbukira chigumula cha Januwale 2015, mvula ya namondwe Idai m'Malichi 2019, namondwe Ana m'Januwale 2022 ndiponso namondwe Freddy m'Malichi 2023. Pa tsiku lothaŵa, m'bwato mumayamba kuloŵa ana ndi okalamba, kenaka thumba la ufa, zofunda, mwinanso nkhuku ndi mbuzi. Mphaka saitanika pa nthaŵi ya phokoso. Amakwera padenga kapena mumtengo, ndipo amatsala. Anthu pobwerera, si zachilendo kuti ana amve kulira kwa kamphaka pachulu kapena m'denga la nkhokwe, make osaoneka.

Ana akafika nako pakhomo kali m'manja, makolo amakhala ndi mafunso aŵiri. Loyamba: kodi kanthu kakang'ono chotere kangakhale ndi moyo popanda make? Lachiŵiri: kodi mphaka wathu wakale, amene wabwerera kale pakhomo, akalola? Mafunso onse aŵiri yankho lake ndi lakuti inde, malinga ngati banja lidekha ndi kutsata zinthu mwa dongosolo lake.

Tivutikiranji ndi kamphaka?

Ena anganene kuti m'chaka cha mavuto munthu alibe nthaŵi yolera mphaka. Koma taganizani za makoswe. Madzi akadzaza m'dambo, makoswe amathaŵira pa malo okwera omwewo pamene anthu amasungapo chakudya. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere milungu itatu yokha, ndipo amaswa ana asanu, asanu ndi atatu, mwinanso kuposa. Thumba la chimanga limene banja lapulumutsa ndi thukuta lingathe kuboolewa ndi kuipitsidwa m'masabata oŵerengeka.

Ubale wa munthu ndi mphaka udayambira pa nkhokwe pomwepo. Amphaka onse a m'nyumba adachokera kwa vumbwe wa ku Africa ndi ku maiko a kum'maŵa kwa nyanja ya Mediterranean. Anthu atayamba kulima ndi kusunga tirigu ndi barele zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, mbeŵa zidatsata chakudyacho, ndipo avumbwe adatsata mbeŵazo. Pa chilumba cha Cyprus, akatswiri ofukula zakale adalengeza m'chaka cha 2004 kuti adapeza manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu adaikidwa moyandikana ndi mphaka. Kufupi ndi kwathu kuno, kafukufuku wochitikira m'midzi ya ku Swaziland, dziko limene tsopano likutchedwa Eswatini, adasindikizidwa m'chaka cha 2017. Adaonetsa kuti makoswe amaopa kwambiri kudya pa makomo pamene pali mphaka ndi galu pamodzi kusiyana ndi pamene pali chimodzi chokha kapena palibe chilichonse. Tsono kamphaka kamene mwana wanu watola ndi mlonda wa maŵa wa chakudya chanu.

Yambani mwatsimikiza kuti ndi kamasiye

Mphaka woyamwitsa amasiya ana ake kwa maora angapo kukasaka, ndipo nthaŵi zina amaŵasamutsa mmodzimmodzi, ataŵaluma pakhosi. Kamphaka kamene kali kokhakokha sikuti nthaŵi zonse n'kotayika. Ngati kali pa malo ouma, kali kofunda ndipo kamimba kake n'kokhuta, ŵazani phulusa mozungulira malowo, muchokepo, mubwerenso patapita maora anai kapena asanu. Mapazi a make adzaoneka paphulusapo ngati akubwera. Koma kakakhala konyowa, kozizira, kofooka, kapena pa malo pamene pali linthumbu, agalu kapena madzi, katengeni nthaŵi yomweyo.

Funsaninso m'mudzi ngati pali mphaka wina woyamwitsa. Mphaka wotere kaŵirikaŵiri amalandira mwana wa mnzake, makamaka mukayamba mwakapukuta ndi kansalu kamene ana ake enieni amagonapo. Palibe mkaka wopangidwa ndi munthu umene ungapose bere la mphaka.

Kudziŵa msinkhu wake

Kasamalidwe kamatsata msinkhu, ndipo msinkhuwo umaoneka pathupi. Kamphaka kamabadwa kolemera pafupifupi magalamu 100, maso ali otseka, makutu ali opindika. Maso amatseguka pakati pa tsiku la 7 ndi la 10. Kakakwanitsa milungu itatu kamayamba kuyenda modzandira ndipo timano tam'tsogolo timatuluka. Pa milungu inai kamayamba kunyambita chakudya m'mbale, ndipo pofika milungu isanu ndi iŵiri kapena isanu ndi itatu kamakhala katasiya kuyamwa. Kamphaka kathanzi kamaonjezera magalamu 10 mpaka 15 tsiku lililonse. Ngati kwatha masiku aŵiri kasakuoneka kuti kakukula, ndipo kakungolira mosalekeza, dziŵani kuti pali chovuta.

Kufunda, chakudya ndi ukhondo

Choyamba ndi kufunda. M'milungu itatu yoyamba kamphaka sikatha kudzitenthetsa kokha. Kaikeni m'katoni kapena m'dengu momwe mwayalamo chitenje chakale, ndipo pambali muikepo botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, kotero kuti kakamva kutentha kathe kusendera kutali. Musakadyetse kali kozizira, chifukwa m'mimba mwake simugaya chakudya. Yambani mwakafunditsa pachifuwa panu. Kumbukiraninso kuti kuno kuchigwa, m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Pa nyengo imeneyo katoniyo ikhale pamthunzi popita mphepo, osati pansi pa malata.

Chachiŵiri ndi mkaka. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba mwa ana amphaka ndipo ulibe zomanga thupi zokwanira. Mkaka waufa wopangidwira amphaka umapezeka kwa madokotala ena a ziŵeto m'mizinda, koma ku Nyachikadza chimene banja lingapeze msanga ndi mkaka wa mbuzi. Uŵiritseni, uzizire kufikira ukhale wofunda pang'ono mukaudontheza pamkono, ndipo m'kapu imodzi musakanizemo mbali yachikasu ya dzira limodzi. Mwetsani ndi sirinji yopanda singano, dontho ndi dontho. Kamphaka kagone chafufumimba monga kamachitira poyamwa kwa make. Mukakagoneka chagada ngati khanda la munthu, mkaka umaloŵa m'mapapo ndipo kamafa ndi chibayo. Ka sabata imodzi kamakhuta ndi mkaka wosapitirira supuni ya tiyi imodzi, koma kamafuna kumwa pakatha maora aŵiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe. Apa ndi pamene achinyamata a pakhomo angathandize posinthana, ndipo ntchitoyi siitenga milungu yambiri. Mkaka wotsala usagone, pakuti m'kutentha kwa kuno umasasa msanga.

Chachitatu ambiri sachidziŵa. Kamphaka kosakwana milungu itatu sikakodza kapena kuchita chimbudzi kokha. Make ndiye amakanyambita kunsi kwa mchira. Tsono kakatha kumwa, tengani kansalu kofeŵa koviika m'madzi ofunda, mupukute pamalopo pang'onopang'ono mpaka kakodze. Kakayamba kuyenda, kaikireni mchenga wouma m'beseni lakale, ndipo kadzaphunzira kokha kufukula ndi kukwirira.

Pa milungu inai yambani kukapatsa mlamba kapena mphende yophika bwino, yochotsa minga yonse, yopanda mchere, yofinya ndi mkaka pang'ono. Nsomba yaiŵisi ndi nsomba youma yamchere si zabwino kwa kamphaka. Nsima yokha siikwanira, pakuti mphaka ndi nyama yodya nyama. Anyezi ndi adyo zimaononga magazi a mphaka, choncho msuzi wa ndiwo zathu usamaikidwe m'mbale yake. Madzi akumwa oyera akhalepo nthaŵi zonse.

Kuteteza kamphaka ndi kuteteza ana athu

Nthata zimatha kuyamwa magazi a kamphaka mpaka kufa. Zichotseni ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono, muzimize m'madzi a sopo. Mankhwala a dibi ya ng'ombe, ndi ena opangidwira agalu, amapha amphaka. Panado, amene timamwa tokha tikamva mutu, ndi chiphe kwa mphaka ngakhale kachidutswa kochepa. Ndiponso pakhomo pamene pali mphaka pasaikidwe tameki kapena mankhwala ena ophera makoswe, chifukwa mphaka angadye nyambo kapena khoswe wodya mankhwalawo.

Nkhani yaikulu koposa ndi ya chiwewe. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati matendaŵa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo anai mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Ngakhale kuti pafupifupi onse amatenga matendaŵa kwa agalu, mphaka nayenso amadwala chiwewe ndipo amapatsira. Kuno kwathu bungwe la Mission Rabies lidayamba kutemera agalu mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 2015 pofuna kuchepetsa imfa za ana. Kamphaka kamalandira katemera wa chiwewe kakakwanitsa miyezi itatu. Funsani alangizi a ziŵeto a m'dera lanu za katemerayu, ndiponso za mankhwala a njoka za m'mimba. Kamphaka kamene mwakapeza ndi bala lolumidwa, kapena kamene kakutuluka dovu ndi kulusa mosadziŵika bwino, kasagwiridwe ndi ana. Mwana akalumidwa kapena kukalidwa mpaka kutuluka magazi, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo muoloke naye kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Ulendo wa pabwato ndi wautali, koma chiwewe chikaonetsa zizindikiro sichichizika.

Ana asambe m'manja akatha kugwira kamphaka, chifukwa chipere chimachoka kwa mphaka kupita kwa munthu. Mai woyembekezera asamataye mchenga wa m'beseni lija. Ntchito imeneyo ikhale ya wina.

Mwini nyumba amaona ndi mphuno

Tsopano tifike pa funso lachiŵiri lija. Anthu ambiri amangotula kamphaka pamaso pa mphaka wamkulu, nanena kuti azoloŵerana okha. Mphaka wamkuluyo amafufumitsa ubweya, amatulutsa mano, mwina amakamenya khofi, ndipo eni nyumba amati ndi wankhanza. Kunena zoona, iye wachita mantha. Mphaka amazindikira kwao ndi fungo. Mukamamuona akukhuza tsaya lake pa mwendo wa mpando, pa mphuthu ya chitseko kapena pa miyendo yanu, amakhala akupaka fungo lochokera m'masaya ndi pachipumi, limene limamuuza kuti pano ndi pake ndipo mpabwino. Kamphaka kachilendo kamabwera ndi fungo losadziŵika pakati pa malo amenewo. Mphaka amene wangopulumuka kumene chigumula, nyumba yake itasintha fungo ndi matope, amakhala ndi nkhaŵa yoposa.

Choncho lamulo lake ndi ili: adziŵane ndi mphuno poyamba, kenaka ndi maso, ndipo kukhudzana kubwere pomalizira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyamba, alekanitseni kwa milungu iŵiri yathunthu, ndipo ngati kamphaka n'kakang'ono kwambiri dikirani mpaka kakwanitse milungu isanu ndi itatu, kathe kuthamanga ndi kukwera. Nthaŵi imeneyi imaonetsanso ngati kali ndi matenda amene kangapatsire mnzake. Mlendo ndiye apatsidwe malo atsopano, kaya m'khitchini, kaya m'chipinda chosungira katundu. Mwini nyumba asachotsedwe pamene amagona ndi pamene amadyera.

Kachiŵiri, sinthanitsani fungo. Tengani kansalu, mupukute masaya a kamphaka, mukaike pafupi ndi pamene wamkulu amapuma, osati m'mbale yake. Chitaninso chimodzimodzi kuchokera kwa wamkulu kupita kwa kamphaka. Tsiku loyamba angakalipire kansaluko n'kuchokapo. Bwerezani tsiku ndi tsiku kufikira atamakanunkhiza n'kungodutsa, kapena kugona pafupi nako. Mukatero muzidyetsa aŵiriwo nthaŵi imodzi, wina mkati, wina kunja kwa chitseko chotseka, kuti fungo la mnzake lizibwera pamodzi ndi chinthu chokoma.

Kachitatu, aonane koma osakhudzana. Nyumba zambiri za ku Nyachikadza zilibe zipinda zochuluka, koma dengu lalikulu loluka motalikitsa, longa limene timavundikira anapiye, limagwira bwino ntchitoyi. Vundikirani kamphaka, muikepo mwala pamwamba, ndipo mulole wamkulu abwere yekha mwa kufuna kwake. Musamunyamule kumufikitsa pafupi. Mphindi zisanu n'zokwanira tsiku loyamba. Akakalipa kamodzi kapena kaŵiri n'kuchoka, musadandaule, pakuti umo ndi mmene mphaka amanenera kuti mnzake asayandikire kwambiri. Akayamba kuyang'ana kumbali, kuphethira pang'onopang'ono kapena kudzinyambita pamaso pa mlendoyo, ndiye kuti mtima wayamba kutsika.

Kachinai, vundukulani dengu munthu wamkulu ali pomwepo, chitseko chili chotsegula, aŵiriwo atadya kale. Mwana mmodzi aseŵere ndi kamphaka ndi kachingwe kuti kasathamangire mchira wa wamkuluyo. Pakhale malo okwera, monga pamwamba pa matumba kapena pa mtanda wa denga, pamene wamkulu angathaŵirepo akatopa. Onjezerani nthaŵi tsiku ndi tsiku. Usiku, ndi pamene onse apita kudimba, kamphaka kabwerere kumalo kwake mpaka patapita masiku angapo popanda ndeu.

M'masiku onseŵa, mphaka aliyense akhale ndi mbale yake, ndipo mbalezo zitalikirane. Wamkulu ayambe kulandira chakudya, ayambenso kusisitidwa. Ana amakonda chinthu chatsopano, ndipo amaiŵala msanga mnzao wakale. Ndi udindo wa makolo kuŵakumbutsa.

Zikavuta

Amphaka ena amagwirizana m'sabata imodzi, ena amatenga mwezi kapena miyezi itatu. Ena safika pogonera pamodzi, koma amalolerana, wina mbali ino ya nyumba, wina mbali inayo, ndipo zimenezo n'zokwanira. Zizindikiro zoti mwafulumira ndi izi: wamkulu akusiya kudya, akukodza m'nyumba momwe kale sankatero, akusoŵa pakhomo masiku angapo, kapena akusakasaka kamphaka mwakachetechete monga amachitira ndi khoswe. Mukaona zotere bwererani pa sitepe ya kansalu ija. Mphaka wamkulu amene watha masiku aŵiri kapena atatu osadya ali pangozi, ndipo alangizi a ziŵeto amuone.

Akagwirana, musaikepo dzanja pakati. Ombani m'manja kapena aponyereni chitenje, kenaka muŵalekanitse kwa tsiku lonse. Kumenya mphaka wamkulu chifukwa wakalipira mlendo kumangomuphunzitsa kuti pamene pali kamphaka pali ndodo. Chenjeraninso ndi amphaka amphongo oyendayenda a m'mudzi, amene nthaŵi zina amapha tiana tating'ono, ndiponso kabaŵi amene angakanyamule pabwalo monga mwanapiye.

Pali maganizo akuti mphaka wanjala ndiye amagwira makoswe. Amene amaŵeta amphaka amadziŵa kuti mphaka amasaka ngakhale atakhuta, ndipo wokhuta ndiye amakhala ndi mphamvu, sasoŵa pakhomo, sakhumbiranso anapiye ndi nsomba za pathandala. Dziŵaninso kuti kamphaka kakakazi kangathe kutenga bere kali ndi miyezi inai kapena isanu yokha, ndipo bere la mphaka limatenga masiku pafupifupi 65. Amene safuna amphaka ochuluka afunse madokotala a ziŵeto za kufula wamphongo kapena kutseka wamkazi. Amphaka otere amachepetsa ndeu ndi kuyendayenda.

Mau kwa makolo ndi achinyamata

Inu achinyamata, kutola kamphaka ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma kukalera ndi ntchito ya milungu isanu ndi itatu ya kudzuka usiku, kuŵiritsa mkaka ndi kuchapa nsalu. Musanapemphe makolo kuti kakhale, ŵerengani mtengo wake, mugaŵane ntchito, ndipo mukalonjeza musunge lonjezolo. Banja likakonzekera nyengo ya mvula, likonzenso dengu lokhala ndi chivundikiro, ndipo amphaka azoloŵere kudyeramo, kuti tsiku lothaŵa madzi asadzatsale padenga.

Inu makolo, ambiri a ife kuno kuchigwa talandirapo m'nyumba zathu mwana wa mbale amene makolo ake adapita ndi madzi kapena ndi matenda, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikudziŵa kuti wobwerayo amasoŵa kufunda ndi chakudya, ndipo timamupatsa. Chimene timachiiŵala kaŵirikaŵiri ndi mwana wa pakhomo, amene mwadzidzidzi akugaŵana mphasa, mbale ndi chifuwa cha make ndi mlendo. Iye akanyinyirika timamutcha wodzikonda. Koma nayenso amafuna kutsimikiza kuti malo ake sadalandidwe, ndipo akatsimikiza amayamba yekha kusendera kuti mnzake akhale. Ana amene aona makolo ao akuleza mtima ndi amphaka aŵiri, osakondera, osafulumiza, osamenya, adzakhala ataphunzira kale kanthu pa tsiku limene mbale wao wamasiye adzatsike m'bwato ndi kathumba kake.